ZA MAINA ATHU, NDI MANYAZI AMENE ENA ACITA NAO

Abale ndi alongo akuwerenga masamba awa, mwazolowera kupezamo maulaliki ocokera ku masiteshoni athu; koma ine lero sindinadze ndi ulaliki iai. Ndapempha malo kuti ndilongosole nkhani imene yandilemera mumtima miyezi yambiri, ndiyo nkhani ya maina a anthu. Cimene candiutsa ndi ici. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja ndinalikulemba ana a kalasi kuno ku Nkhata Bay, ndipo panafika mtsikana wa zaka monga khumi ndi zisanu. Pomfunsa dzina lace, anandiuza dzina la Cingerezi, lokoma ndithu m'makutu. Koma anzace okhala pambuyo anayamba kuseka, atagwira pakamwa. Ndinamfunsanso, ndipo iye anaweramitsa mutu, nanena motsitsa mau kuti kwao amamucha Masozi, ndiko kunena misozi m'cinenero ca kuno, koma safuna kuti dzina limenelo lilowe m'buku. Pakuti mlaliki wina wa m'misewu anamuuza kuti dzinalo ndi temberero, ndi kuti akapanda kulitaya adzakhala wolira masiku onse a moyo wace.

Sindinamdzudzule mwanayo, pakuti ndinadziona ndekha mwa iye. Inenso pokhala mnyamata pa sukulu ndinabisa dzina limene anandicha agogo anga, ndi kudzionetsa ndi dzina la ubatizo lokha. Ndipo tsiku limene amai anadza kudzandiona, nandiitana pabwalo ndi dzina la kwathu pamaso pa anzanga, ndinakhala ngati sindinamve. Amai anagona kale, koma nkhope yao ya tsiku lija ndiikumbukabe. Cifukwa cace ndinauza mtsikanayo kuti tidzalemba tsiku lina. Ndipo ndinayamba kusinkhasinkha za cinthu ici, ndi kufunsa akuru.

Tiyambe ndi kuona umo dzina libadwira. Palibe munthu adzicha yekha dzina lace loyamba. Mwana akaturuka m'cikuta, mcombo utagwa, amnyamula agogo, kapena atsibweni, kapena alongo a atate wace, namucha. Ndipo mwini dzinayo ali gone pamanja, wosadziwa kanthu. Potero dzina loyamba silinena za mwanayo konse. Linena za anthu amene anamlandira, ndi za nyengo imene anawapezamo. Makolo athu analibe mabuku, ndipo kaundula wao anali ana ao. Wobadwa m'caka ca njala anamucha Mabvuto, kapena Suzgo monga anena abale athu a kuno kumpoto. Wobadwa atate atafa anamucha Masiye. Wobadwa pa nyumba imene imfa inasesa anamucha Tamala, ndiko kuti tatha. Wobadwa pa mtendere anamucha Cimwemwe kapena Mphatso. Ndipo mkazi wozunzika pa mudzi wa eni, wosakhoza kuyankha apongozi kapena mkazi mnzace pamaso, anaika mau ace m'dzina la mwana, namucha Mwandida kapena Ndaziona, kuti pakuitana mwana wace madzulo mudzi wonse umve mlandu wace.

Koma ulipo mtundu wina wa maina umene anthu a lero auopa koposa, ndiwo Maliro, Cakufwa, Cidothi, ndi ena otere. Mai amene anaika ana awiri kapena atatu m'manda, pobala wina anaopa kumucha dzina lokoma. Anati, imfa ingamve, ingabwerenso. Ndipo anamucha dzina lonyansa, monga munthu abisa mbeu yace yabwino mumphika wakuda ndi mwaye, kuti mbala ikafika ipitirire. Ife sitikhulupira kuti imfa inyengeka ndi dzina. Komatu tisalephere kuona cimene cinali mumtima wa maiyo. Sanatemberere mwana wace. Anamkonda kufikira kumbisa.

Apa ndi pamene mlaliki uja anasokera: anawerenga mbiri ngati ulosi. Dzina lotere liyang'ana m'mbuyo, ku misozi imene inagwa kale, losati m'tsogolo. Ndipo popeza iye ananena m'dzina la Mau a Mulungu, tiyenera kumyankha ndi Mau omwewo. M'buku loyamba la Mbiri, mutu wa 4, muli munthu dzina lace Yabezi, amene amace anamucha comweco cifukwa ca zowawa za kubala kwace. Munthuyo anapemphera kuti zowawa zisamtsate, ndipo anamvedwa, nalemekezeka koposa abale ace. Koma sitiwerenga kuti anataya dzina. Anafa ali Yabezi, ndipo lero tichula dzinalo osakumbuka zowawa, koma pemphero.

Tidziwenso kuti mwa makhalidwe athu munthu sakhala ndi dzina limodzi kuyambira kubadwa kufikira kumanda. Dzina likula naye pamodzi. Pakati pa Acewa mnyamata woturuka ku dambwe ndi mtsikana woturuka m'cinamwali analandira dzina latsopano, comweconso Ayao ku jando. Ndipo kumuitana ndi dzina la ubwana kunali cipongwe cotengera munthu ku bwalo. Mkazi akabala, dzina lace ligona, ndipo anthu amuitana amace a uje. Kuno kwa Atonga mkazi timlemekeza ndi ciwongo cace, NyaChirwa, NyaMhone, NyaBanda, monga ku Cigawo ca Pakati anena Nabanda ndi Naphiri. Ndipo mwamuna wamkuru sitimchula dzina lace lopanda kanthu, koma titi ada Chirwa, ada Kamanga. Pamwamba pa onsewa pali maina a ufumu. Mankhambira, Kabunduli, Fukamapiri, Timbiri, Mkumbira: awa si maina a munthu mmodzi. Munthu alowa m'dzinamo, nakhalamo zaka zace, naturuka pa imfa. Koma dzina litsala, kulindira wina. Cotero kusintha dzina si cinthu cacilendo kwa ife. Koma taonani kusiyana kwace. Maina onsewa anapatsidwa poyera, pamaso pa mudzi, ndipo anadza cifukwa munthu wakula, losati cifukwa acita manyazi ndi amene anambala. Dzina limene mtsikana uja anandiuza analitola yekha m'tseri, kuti likwirire linzace.

Nanga manyazi amenewa anacokera kuti? Pano ndiyenera kunena zoona, zingakhale zikhudza nyumba yathu yomwe. M'caka ca 1881 Misyoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inasamuka ku Cape Maclear nidza ku Bandawe, m'dziko lino la Atonga. Ndipo caka comweco anabatizidwa Mkristu woyamba wa Misyoniyo, Albert Namalambe. Atonga anathamangira sukulu ndi njala yaikuru, koposa mitundu yambiri yowazinga. Pa ubatizo panazika mwambo wa kutenga dzina la m'Buku Lopatulika, kapena la Mzungu wina wa ku Scotland amene munthuyo anamkonda. Mwambowo pa wokha unalibe coipa. Munthu woyamba moyo watsopano afuna cizindikilo, monga momwe anafunira wa ku dambwe. Koma pang'ono pang'ono anthu anayamba kuyesa kuti dzina lacikristu ndilo lacilendo, ndi kuti dzina la kwao ndi lacikunja, loyenera kulisiya pakhomo pa nyumba ya Mulungu monga munthu asiya nkhwangwa. Aphunzitsi ena a ife tomwe ndiwo anaumirira ici koposa Azungu.

Lamulo lotere m'Malembo mulibe. Ambiri ayesa kuti Saulo anasanduka Paulo pa njira ya ku Damasko. Koma werengani bwino buku la Macitidwe, mudzapeza kuti atabatizidwa akhalabe Saulo mitu ingapo. Munthuyo anali nao maina awiri, la Cihebri ndi la Ciroma, monga ambiri a ife. Ndipo mlembi ayamba kuchula laciwirilo pa cisumbu ca Kupro, pamene analowa pakati pa amitundu. Koposa apo, m'Cipangano Catsopano tipezamo Apolo, Febe, Epafrodito ndi Dionisio, maina ocokera ku milungu ya Ahelene. Ndipo atumwi sanawauze eni ace kuti awataye, koma anawachula mwaulemu ndi maina omwewo. Ngati dzina la mulungu wacilendo silinadetse Febe, kodi dzina la misozi ya agogo lidzadetsa mwana wa ku Nkhata Bay?

Akuru athu oyamba anacizindikira ici, ngakhale sanacilalike. M'caka ca 1914 Misyoni inadzoza abusa ace atatu oyamba a dziko lino, ndiwo Jonathan Chirwa, Hezekiah Tweya, ndi Mtonga Yesaya Zerenji Mwasi. Taonani dzina la wacitatuyo: patsogolo la mneneri, pakati la kwao, pambuyo la pfuko. Iye anapatukana ndi Misyoni m'caka ca 1933, nayamba mpingo umene anaucha wa anthu akuda. Za kupatukanako sindiweruza pano, koma pa nkhani ya dzina anaima bwino. Comweconso David Julizya Kaunda, Orton Ching'oli Chirwa, Aleke Kadonaphani Banda, onse a boma lino. Maina atatuwa ali ngati mafuwa atatu a pamoto. Ukacotsa limodzi cifukwa ladetsedwa ndi utsi, mphika upendekeka.

Cinthu caciwiri cimene cinasanduliza maina kuno ndico ulendo wa kumwera. Kuyambira masiku a agogo a agogo athu, amuna a m'mbali mwa nyanja yino anapita unyinji ku Bulawayo, ku Salisbury, umene tsopano ndi Harare, ndi ku migodi ya Johannesburg. Kumeneko bwana wosakhoza kuchula dzina la munthu, kapena wosafuna kudzibvuta, anamucha Jimu, kapena Sikisipensi, kapena Supuni. Ndipo dzina lomwelo linalembedwa pa citupa, nilikhala lace pamaso pa lamulo. Ena anadzisinthira okha maina pothawa nchito yowawa, kuti asagwidwe. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene macona anasowera: kalata yocokera kumudzi inafika ku komboni itanyamula dzina la kwao, ndipo panalibe munthu wodziwa mwini wace; iye atafa, anaikidwa m'dzina limene amace sakadalizindikira.

Pa onse amene anayenda ulendo umenewu, palibe wina amene dzina lace linamveka kutari monga mnyamata wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, wobadwa m'caka ca 1896, mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Kwao anali Lameck Koniwaka Kadali Muwamba. Anaphunzira ku Livingstonia, naphunzitsa kanthawi, ndipo m'caka ca 1915 ananyamuka. Anagwira nchito ku Mozambique ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town m'caka ca 1918. Dziko la kumwera linamdziwa ndi dzina lina, Clements Kadalie. M'caka ca 1919 anayambitsa bungwe la anchito lodziwika ndi zilembo zitatu, ICU, pakati pa onyamula katundu pa doko. Ndipo pofika 1927 bungwelo linali ndi anthu monga 100,000, ndipo iye anapita ku Ulaya kukanenera anchito akuda. Anamwalira ku East London m'caka ca 1951. Tsono dzina la Muwamba linatsala kuno kunyanja, koma la Kadali linaoloka Zambezi ndi Limpopo, nililandira cilembo cimodzi kumapeto kwace, nilizika mizu kumeneko. Mdzukulu wace Rhoda Kadalie, amene anamwalira m'caka ca 2022, anali mmodzi wa oyang'anira ufulu wa anthu m'dziko la South Africa m'masiku a Nelson Mandela. Ambiri akumva dzinalo ku Cape Town sayesa konse kuti linabadwira pa mcenga wa nyanja yathu.

Ziwiri ndiziona mwa munthu ameneyu. Coyamba, dzina latsopano silinambise. M'caka ca 1920 Boma la kumeneko linafuna kumcotsa m'dziko monga mlendo wa ku Nyasaland, ndipo ngakhale pakati pa anzace a m'bungwe analipo omkumbutsa kuti si mwana wa dzikolo. Munthu akhoza kusintha cimene anthu amuitana naco, koma sasintha kumene anamwa madzi oyamba. Caciwiri, ndico cimlemekeza, iye mwini sanayese kukana kwao. M'buku la moyo wace, limene linasindikizidwa m'caka ca 1970, anafotokoza poyera mudzi wace ndi agogo ace. Anabvala dzina lacilendo monga munthu abvala jekete popita ku tauni, wosaiwala thupi liri m'kati mwace. Kusiyana kwa iye ndi ine wa pa bwalo la sukulu lija kuli pomwepa.

Ndipo inafika nyengo imene mphepo inatembenuka. Pali cinthu cimene cindisekeretsa ndikamacilingalira, kuti amuna atatu amene anagwedeza dziko lino koposa anali ndi maina a tinthu tating'ono. Woyamba ndiye Elliot Kenan Kamwana, Mtonga, amene anadza ku dera la Chintheche m'caka ca 1908 ndi ciphunzitso ca Watch Tower, nabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yowerengeka, kufikira Boma linamcotsa m'caka ca 1909. Ndipo sanabwere kudzakhala kwao kufikira 1937. Ciphunzitso cace ine sindigwirizana naco, koma kuti kamwanako kanaopsa Boma ndi Misyoni pamodzi, palibe angakane. Waciwiri ndiye mwana wa ku Usisya, wobadwa m'caka ca 1929, amene anali ndi maina awiri a Cizungu, Murray William. Koma polowa m'Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1956, ndi pokhala nduna pa nthawi ya ufulu, dziko linamdziwa kuti Kanyama Chiume. Wacitatu ndiye wa ku Kasungu, amene amace anakhala nthawi osaona mwana kufikira anamwa mankhwala a mizu, namucha Kamuzu. Dzina la Hastings analitenga pambuyo pace kwa mmisyoni wina. Kamwana, kanyama, kamuzu. Mwana wa sukulu wa lero akadakhala ndi dzina lotere, anzace akadamseka kufikira misozi. Koma ndani akumva maina awa akumbuka za ucece wao? Eni ace anawadzaza ndi nchito zao, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo tanthauzo loyamba linaphimbika.

Dziko lenilenilo linacita comweco. M'caka ca 1964 Nyasaland anakhala Malawi. Deep Bay anakhala Chilumba, Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald anakhala Nsanje. Koma Livingstonia ndi Blantyre anatsala monga analiri. Ndipo tauni yathu yino isenzabe mau awiri, limodzi la kuno ndi lina la Cingerezi, ndipo sindinaone munthu wa ku Nkhata Bay wocita nao manyazi.

Sindifuna kuti wina ayese kuti nkhani yonse ili mumtima wa mwini dzina, ngati kuti anthu ena alibe mlandu. Dzina ndi khomo limene anthu akutsegulira nalo, kapena kukutsekera. Ciwongo makamaka cinena kwanu usanatsegule pakamwa. David Kaunda uja anatumidwa ndi Misyoni ku Chinsali kukaphunzitsa Abemba, ndipo komweko, ku Lubwa, m'caka ca 1924, anabala mwana wa kuukalamba, namucha Buchizya, ndiko kuti wosayembekezeka. Mwanayo, Kenneth Kaunda, analamulira Zambia kuyambira 1964 kufikira 1991. Koma m'caka ca 1996 malamulo anasinthidwa kuti munthu amene makolo ace sanabadwire m'dzikomo asaimenso pa cisankho ca mtsogoleri, ndipo m'caka ca 1999 bwalo lina linagamula kuti iye si mbadwa ya Zambia, ngakhale cigamuloco sicinakhalitse. Ngati zotere zinagwera munthu amene anabala dziko, nanga mlimi wamba? Kuno kwathu akuru akumbuka caka ca 1989, pamene aphunzitsi analamulidwa kubwerera yense ku cigawo ca kwao, ndipo ambiri a kumpoto anasenza katundu kucoka ku sukulu zimene anatumikira zaka zambiri. M'masiku amenewo kunamveka za makolo olemba ana ao ku sukulu ndi ciwongo cobwereka, poopa kuti ceniceni cingawatsekere njira. Makolo otere sindiwatsutsa. Mlandu uli pa iwo amene anasandutsa dzina la munthu kukhala msampha. Koma mwana wokula ndi dzina lobwereka aphunzira phunziro loipa, lakuti cimene iye ali ndi cinthu cobisa. Ndipo phunziro limenelo silituruka msanga, ngakhale lamulo litasintha.

Pakuti umo ndimo dzina ligwirira nchito m'kati mwa munthu. Palibe liu limene munthu alimva kawiri kawiri koposa dzina lace, ndipo alimva asanadziwe tanthauzo la liu liri lonse. Khanda silidziwa kuti Masozi ndi misozi. Lidziwa kokha umo liulo limvekera m'kamwa mwa amace, ngati lidza ndi kumwetulira kapena ndi ukali. Cotero munthu ayamba kukonda kapena kuda dzina lace monga mwa mamvekedwe a oliitana, ndipo tanthauzo lidza pambuyo. Mwana amene dzina lace limveka pa nyumba pokhapokha walakwa, adzalida, lingakhale ndi Dalitso. Ndipo akafika ku sukulu, mphunzitsi nalipotoza dzinalo kuti ana aseke, mwanayo sakhoza kulekanitsa dzina ndi iye mwini. Ayesa kuti cosekedwaco ndiye. Kuyambira pomwepo aleka kuimika dzanja m'kalasi, pakuti kuyankha ndiko kuitanidwa. Ndaona akuru a imvi amene afulumira kunena udindo wao asananene dzina, ndipo muzu wace ndi womwewu.

Masiku ano nkhaniyi yakula mbali ziwiri. Mbali yina, kudzicha dzina kwapepuka koposa kale. Mnyamata wa foni m'manja adzicha pa Facebook dzina la woimba wa ku America, mawa nasintha, ndipo palibe agogo omfunsa. Mbali yinanso, dzina lauma koposa kale. Pakuti kuyambira kalembera wa m'caka ca 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembedwa kuti alandire ziphaso za unzika, dzina la pa ciphaso ndilo limtsata munthu ku banki, ku cisankho ndi ku nchito, ndipo likasiyana ndi la pa setifiketi ya sukulu, mwini wace ayenda maulendo ambiri kukalikonza. Makolo athu anali ndi maina ambiri ndi mtima umodzi. Ana athu lamulo liwapatsa dzina limodzi, koma ambiri sadziwa kuti mwa maina ao onse lao lenileni ndi liti.

Tsono kodi ndinena kuti munthu asasinthe dzina konse? Iai. Alipo maina amene anachulidwa mwa udani weniweni, kutukwana mwana cifukwa ca colakwa ca atate wace, kapena kulengeza pa mudzi kuti anabadwa kunja kwa ukwati; mwana asasenze mlandu wa akuru pamphumi pace moyo wace wonse. Rakele pakufa anamucha mwana wace dzina la cisoni, Benoni, koma atate wace analitembenuza likhale Benjamini. Ndipo sitimva kuti analakwa. Cokhaco ndipempha, kuti wofuna kusintha ayambe wafunsa amene anamucha, kapena wina amene analipo, kuti amve nkhani ya dzinalo. Atamva, akafunabe, asinthe poyera, abale akudziwa, losati mozemba. Inu makolo a lero, muli ndi mabuku ndi makalata olembamo zowawa zanu. Musazilembenso pa ana, ndipo mukamucha mwana dzina la Cingerezi cifukwa mwalimva pa wailesi, yambani mwafunsa tanthauzo lace, pakuti ndabatiza ana a maina acilendo amene eni cinenero sakadacha nao ngakhale mbuzi. Inu akuru a mpingo ndi aphunzitsi a kalasi, musafunse munthu kuti dzina lako lacikristu ndani, ngati kuti linalo ndi la mdierekezi; lembani onse m'buku, ndi kuphunzira kuwachula bwino.

Ndibwerere kwa mtsikana uja. Sabata lotsatira ndinakwera naye kumudzi kwao, pamwamba pa doko, kumene agogo ace akazi analikusenda cinangwa ca kondowole pakhonde. Titapatsana moni ndinati, Ama, mwana uyu munamucha Masozi cifukwa ninji? Gogoyo anaika mpeni pansi, nakhala cete nthawi, ndipo pamenepo anafotokoza. Mwezi umene mwanayo anali pafupi kubadwa, atate wace anapita usiku ku usipa ndi anzace awiri. Mwera unauka, ndipo bwato linapezeka lokha patapita masiku atatu. Mwana anabadwa maliro asanathe. Gogoyo anati, Ndinalira mwana wanga kufikira maso anatupa. Ndipo pamene anandipatsa uyu m'manja ndinaliranso, koma misozi yaciwiriyo sinali ngati yoyamba ija. Ndinamucha Masozi kuti ndisaiwale yonse iwiri.

Mtsikanayo anali asanamvepo nkhaniyi. Pa nyumbapo panalibe wofuna kuichula, ndipo iye sanafunse. Sanayankhe kanthu, koma anatenga mpeni uja nayamba kusenda cinangwa pambali pa agogo ace, ndipo ine ndinatsazika. Pa tsiku la kalasi anadza ku gome, ndipo ndinamfunsa kuti ndilembe ciani. Anati ndilembe onse awiri, pakuti la Cingerezi lija walizolowera, ndipo anzace a ku sukulu amdziwa nalo. Koma Masozi likhale patsogolo. Ndinalemba comweco, ndi ciwongo ca atate wace pambuyo.